Apongozi akuti mwana akhale Cecilia, koma ndamva kuti dzinali limatanthauza wakhungu

NaPhiri wa ku Chibavi analemba:

Abale ndithandizeni nzeru mutu wanga waima. Ndachira sabata yathayi, mwana wamkazi, ndi woyamba, tonse tili bwino tithokoze Mulungu. Ine kwathu ndi ku Dedza koma ndinakwatiwa kuno, abambo a mwanayu kwawo ndi ku Rumphi, timakhala ku Chibavi. Nde apongozi anga afika dzana kudzandithowa ndi kusambitsa mwana ndi kuziziraku, ndi mayi abwino sindiname, abwera ndi mpunga, nyemba, nkhuku ziwiri, koma abweranso ndi dzina lokonzeka kale mchombo usanagwe nkomwe. Akuti mwanayu ndi Cecilia, dzina la mayi awo omwe anamwalira chaka chathachi, akuti mwana wamkazi woyamba kubadwa pambuyo pa maliro aja ayenera kudzutsa dzinalo.

Poyamba ndinangoti mmm dzina la chigogo limeneli koma basi, ngakhale mumtimamu ine ndinali ndi langa, Sheila, ndinalisunga kuyambira ndili fomu 2. Nde usiku ndikuyamwitsa tulo tikukana ndinatenga foni kuti ndione kuti kodi Cecilia amatanthauza chani, ndapeza akuti wakhungu. Wakhungu abale! Thupi lonse linazizira. Ndamuyang'ana mwana m'maso mpaka m'bandakucha, kumuyendetsera chala kutsogoloku kuti ndione ngati akutsatira, chonsecho ndi khanda la masiku 6 kkkk panopa ndikuseka koma usiku uja sizinali zoseketsa.

Ndawauza abambo ake angoti amama anena basi, iwe zako za pa intaneti zomwezo. Nde ndikufunsa kwa odziwa, ndi zoona zimenezi kapena foni yandinamiza? Dzinali linachokera kuti kwenikweni, nanga bwanji anthu a msinkhu wa mayi anga ma Cecilia ali mbwee koma ana a masiku ano sindikumvako olo mmodzi, kapena anthu anazindikira tanthauzo lake nkulithawa? Komanso ngati nkukana ndikane bwanji osaoneka wachipongwe, ine kuno ndine mtengwa mukudziwa.

Mlongo mwa Ambuye analemba:

Asisi kanani, musachite manyazi pa moyo wa mwana wanu. Dzina limalankhula, tsiku lililonse mukamuitana mukhala mukulengeza chinthu pa iye. Werengani 1 Mbiri 4 ndime 9 ndi 10 muone Yabezi, mayi ake anamutcha choncho chifukwa anamubala ndi ululu, mpaka anachita kulirira kwa Mulungu kuti zinthu zimusinthire. Komanso izi zomatenga maina a akufa ine ayi, simudziwa kuti agogowo anasenza zotani. Maina abwino alipo ambiri, Favour, Blessings, Shekinah, Praise. Mupemphere kaye musanavomere.

Wa kwaya ku Katoto analemba:

Mayi a mwana choyamba zikomo potipatsa mlendo, Mulungu amukuze. Ine ndinapitako ku seminale zaka zingapo ndisanaone kuti njira yanga ndi ina, nde Chilatini ndinachinunkhako pang'ono, ndiyankhe mbali ya chiyambi cha dzinali.

Foni sinakunamizeni koma yakuuzani theka. Dzinali ndi la ku Roma wakale, iwo ankalemba Caecilia, ndipo muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti caecus, amene ndi wakhungu ndithu. Koma mvetsani apa, Aroma aja mwana wamkazi sankachita kumuganizira dzina ngati mmene tichitira ife kuti Chikondi kapena Mphatso ayi, ankangomuitana ndi dzina la mtundu wa bambo ake. Panali fuko lotchuka la a Caecilius, nde mwana wamkazi aliyense wobadwa m'fuko limenelo anali Caecilia, chimodzimodzi a Julius mwana wawo wamkazi Julia, a Claudius wawo Claudia. Ndi zomwe inu mwalemba pamwambapo kuti NaPhiri. Kodi inu ndinu phiri? NaNgondo, NaMbewe, kuno NyaNkhata, NyaMbizi, kodi NaMbewe amakhala kuuna? Ndi mfunda chabe. Mwina kholo lina la kalekale linali ndi vuto la maso anthu nkulipatsa dzina lonyogodola, dzinalo nkukhala la banja lonse, monga zimachitikira kwathu konkuno. Claudia amene anthu akumupatsa ana masiku ano ngati dzina la pamwamba muzu wake ndi claudus, wotsimphina. Paulo ndi wamng'ono. Palibe amene amalephera kugona chifukwa cha zimenezo.

Tsono chomwe chinalibweretsa dzinali ku Rumphi ndi ku Dedza si fuko lija ayi, ndi mtsikana mmodzi wa ku Roma, Cecilia Woyera, amene anaphedwa chifukwa cha chikhristu m'zaka za m'ma 200. Sanali wakhungu. Mbiri yake monga mpingo umaifotokozera imati anamukwatitsa kwa mnyamata wosakhulupirira dzina lake Valerian, nde pa tsiku la ukwati zoyimbira zili mkati kulira iye ankaimbira Mulungu mumtima mwake. Mwamunayo anatembenuka, m'bale wake Tiburtius nayenso, onse awiri anaphedwa, kenako iye, amati anamutema pakhosi katatu koma anakhalabe ndi moyo masiku atatu. Chifukwa cha nkhani ya kuimba pa ukwati ija iye ndi nkhoswe ya oimba pa dziko lonse, tsiku lake ndi 22 Novembala, ife a makwaya ndi tsiku lathu limenelo, timasoka yunifolomu, timaphika, timaimba mpaka mawu kusasa. Yendani m'maparishi muwerenge makwaya ndi miphakati yotchedwa St Cecilia mutopa nokha. Ku Roma kuli tchalitchi chake mpaka lero ku dera lotchedwa Trastevere.

Chinanso chimene ambiri sadziwa. Mu Pemphero la Ukaristia loyamba, lija lalitali lija, wansembe amatchula amayi oyera motsatana, Felicity, Perpetua, Agatha, Lucy, Agnes, Cecilia, Anastasia. Tsopano tsekani maso muganize agogo a kumudzi kwanu ku Dedza, mbali za ku Mua kapena Bembeke uko. Felesita, Pelepetuwa, Agata, Lusiya, Aginesi, Sesiliya, Nasitaziya. Si amenewo? Mudzi wonse uli mu pemphero limodzi kkkk. Nthawi imeneyo sukanabatizidwa ndi dzina la makolo, umayenera kutenga la woyera, nde ansembe ndi akatekisiti amatola pafupi pomwepo. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, a Montfort ku Nzama mu 1901, kuyambira pamenepo maina amenewa anangomera ngati bonongwe. Kuno kumpoto mishoni ya Livingstonia inali itazika kale mizu, Bandawe 1881, Khondowe 1894, nde agogo a CCAP mupeza ndi a Jessie, a Maggie, a Flora, a Jane, maina a ku Scotland, kapena a m'Baibulo. Mukamva Cecilia wachikulire kuno kawirikawiri ndi banja la Chikatolika, ndikhulupirira apongozi anuwo ali choncho.

Ndipo zoseketsa, Lucy amene ali pafupi ndi Cecilia mu mndandanda uja amachokera ku lux, kuwala, ndipo ndi amene anthu odwala maso amamupempha. Ngati mantha akupitirira muphatikizeni awiriwo basi.

Mdala wa ku Zolozolo analemba:

A kwaya mwafotokoza bwino za tchalitchi koma mwasiya chinthu chachikulu, ana inu simungadziwe. Dzina limeneli m'Malawi muno linali ndi mwini wake. Mama Cecilia Tamanda Kadzamira. Anali namwino, anagwira ntchito pa chipatala cha Kamuzu ku Limbe atabwera mu 1958, kenako anakhala Official Hostess zaka zonse za ulamuliro wake mpaka 1994, ndipo anakhala nayebe mpaka pamene Ngwazi inamwalira mu Novembala 1997. Kamuzu analibe mkazi wodziwika nde pa zochitika zonse za boma, alendo akabwera, pa bwalo la ndege, pa Kamuzu Day, amene amakhala pambali pake anali Mama. Ndi amene ankatsogolera CCAM, Chitukuko Cha Amayi m'Malawi. Wailesi inali imodzi yokha ya MBC, TV kunalibe, nde dzina limene ukulimva pa nkhani m'mawa masana madzulo, pa zithunzi mayi wovala bwino wodekha, ukabereka mwana wamkazi ukuganiza kuti umutcha ndani? Ine ndinaphunzira ndi ma Cecilia a CCAP, a Seventh Day, ena osapemphera nkomwe, amenewo woyera wa ku Roma sankamudziwa olo pang'ono. Ndi Tamanda yemwe anakwera nthawi yomweyo.

Koma linalinso dzina loopsa kulitchula mosasamala. Kunali nyimbo ina ya azungu a ku America, Simon & Garfunkel, ya mu 1970, mutu wake Cecilia, mwamuna akudandaula za mkazi amene akumuzunza mtima. Inaletsedwa m'dziko muno. Tangoganizani nyimbo yoti eni ake Malawi sankamuganizira nkomwe. Ife tinkachita kunong'onezana za iyo, ukakhala ndi chibwenzi dzina lake Cecilia mwakangana, pa bala sumadandaula motchula dzina, umangoti mayi aja, chifukwa sudziwa wakhala pambali pako ndi ndani, ungakafotokoze bwanji kuti ndimanena wa ku Chiputula ine osati winayo kkkkk.

Nde funso lanu loti bwanji linazilala, ine ndimaona kuti mbali ina ndi imeneyi. Itabwera referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 anthu ankafuna zatsopano, chilichonse chonunkha nthawi ija chinayamba kuoneka chakale. Kuno kumpoto makamaka anthu anali ndi zawo kukhosi, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968, aphunzitsi a kuno anabwezedwa kwawo mu 1989, nde ufulu utabwera ambiri anathamangira maina a chiyankhulo chawo, Tiwonge, Lusungu, Wongani, Vitumbiko, monyadira. Sikuti anthu anatsegula dikishonale ya Chilatini ayi mayi, ndani anali ndi nthawi imeneyo. Ndipo Kamuzu mwini wake Chilatini ankachikonda zedi mpaka anamanga Academy ku Mtunthama mu 1981 komwe ana amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, mukuganiza kuti caecus sankamudziwa? Sizinamuvute.

Ine mlongo wanga ndi Cecilia, wa 1969, amalowetsa ulusi pa singano opanda magalasi pamene ine Yohane ndikulemba izi foni ndaitalikitsa mkono wonse.

NyaGondwe analemba:

Monire mose. Mulamu wanga ndikuyankheni ngati mkazi mnzanu amene ndakulira mwambo umenewu, Chichewa changa mupirire nacho. Za Chilatini ine sindidziwa koma nkhani yanu yeniyeni si ya Chilatini, ndi ya kuti mwana ndi wa ndani. Kwanu ku Dedza ambiri ndi chikamwini, mwana amayang'ana kwa amalume, kuno malowolo akaperekedwa mwana ndi wa kuchimuna ndipo dzina la mwana woyamba kwathu amapereka ndi agogo a kuchimuna kapena ankhazi, azakhali mumatero inu. Si nkhanza, ndi ulemu umene iwo akhala akuudikira kuyambira tsiku lomwe anamva kuti muli ndi pakati. Nde mayi amene waika mayi ake m'manda chaka chatha, wakwera galimoto kuchokera ku Rumphi ndi nkhuku pamiyendo, inu nkumuuza kuti dzina la mayi anu ndi la tsoka ndaona pa foni, aaa mulamu bala limenelo silidzapola, adzakukhululukirani pakamwa koma pa maliro aliwonse pa ukwati uliwonse nkhani idzakhala yomweyo.

Ndipo mudziwe kuti mwana akapatsidwa dzina la agogo amalemekezeka pakhomo. Apongozi anuwo sadzamutchula dzina mwachisawawa, azidzati amama, adzamugwadira mwa nthabwala, akalakwa adzamuikira kumbuyo, mbuzi ikabereka ya amama iyi. Ine ndine wotero, ndinatenga dzina la agogo a bambo anga, bambo anga mpaka kumwalira kwawo sanandimenyepo, amati ndingamenye bwanji agogo anga kkkk azichimwene anga zinkawawawa.

A Mlongo mwa Ambuye pamwambapo ndakumvani koma tisaiwale komwe tachokera. Makolo athu ankatcha dala maina oipa, kuno Suzgo, Masozi, kwanu Mavuto, Maliro, Manda, Nditani, Chatha. Mayi ana akamangomwalira motsatana wotsatirayo amamupatsa dzina loti imfa imunyansidwe imusiye, kapena dzina loyankha adani a pamudzi. Ma Suzgo angati amene ali madokotala ndi maloya lero? Ndipo ma Blessings angati ali ku ndende? Sindikunyoza pemphero ayi, ndine mayi wa Umanyano ine.

Nzeru yanga ndi iyi, musakane, onjezerani. Palibe mwana wa kuno amene ali ndi dzina limodzi. Alandireni Cecilia ndi manja awiri, muwathokoze, iwo aike kangachepe m'manja mwa mwana monga mwa mwambo, kenako mudzere kwa amuna anu kuti a kuchikazi nawonso ali ndi dzina lawo. Zimenezo palibe angakane. Pamapeto pake dzina limene limakhala ndi lomwe likuitanidwa pakhomo tsiku ndi tsiku, ndipo amene amakhala ndi mwana tsiku lonse ndinu. Koma chenjezo, akayamba kulira usiku osatonthola apongozi adzati akulirira dzina lake, muzidzangoti eya amama.

Madamu a sitandade 1 analemba:

Ine ndaphunzitsa ana aang'ono zaka zoposa 20, theka lake konkuno ku Mzuzu, nde maina ndimawaona akubwera nkupita ngati masitayilo a tsitsi. Rejisitala ndi kalilole wa dziko ndithu. Pamene ndinkayamba ntchito mukaitana Chisomo amadzuka anayi, Tiwonge atatu, Chimwemwe, Thokozani, Memory, Mercy, Tadala anali atangoyamba kumene. Mumachita kuwapatsa manambala kapena kuti Chisomo wamfupi Chisomo wa ku Masasa. Kenako matchalitchi a chipentekoste atachuluka ndi mafilimu a ku Nigeria aja kunabwera Favour, Precious, Miracle, Divine, Princess, Destiny. Pano ndiye kwabwera maina oti mayi ake enieni akulephera kulemba, ndimafunsa kuti sipelo yake ndi yotani iwo nkutsegula Facebook kundionetsa. Ndipo chaposachedwapa ndikuona Temwa ndi Tabitha akubwerera mwamphamvu mwa makanda a anzanga ndi a kutchalitchi, sindikudabwa, ana a Chawinga aja a ku Rumphi atitchukitsa, Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ku Kansas City Current nkukhala wosewera wapamwamba wa chaka, mkulu wake Tabitha wasewera ku Inter Milan, PSG, Lyon. Ndi zomwe a Mdala anena za Mama zija, munthu akawala dzina lake limabereka.

Cecilia pa zaka zisanu zapitazi ndakhala naye mmodzi yekha m'kalasi mwanga. Ndipo mukudziwa, ndi yekhayo amene aphunzitsi onse ankamudziwa dzina pofika sabata yachiwiri, chifukwa ena onse anali ma Favour. Kalasi ya ana oposa 100 kukhala ndi dzina lako wekha ndi mwayi, musaone ngati nkhani yaing'ono.

Chimene ndaona ine ndi chakuti dzina limanyansa likakhala la msinkhu wa mayi ako, limakoma likafika pa agogo a mayi ako. La mayi ako umalimva fungo la ntchito ndi kukalipa, la agogo aakulu limamveka lachilendo. Taonani Esther, Hannah, Abigail, Naomi, Ruth, zaka zija anali maina a azimayi a chigwirizano okhaokha, lero ali ku nasale onyamula tizikwama ta katuni. Cecilia ali pa mzere, Agatha ndi Perpetua mwina adikirebe pang'ono kkkk.

Pempho langa limodzi lokha, chonde gwirizanani kalembedwe musanalembetse. Ndatopa ndi ana amene ku buku la sikelo ndi Sisiliya, pa chiphaso cha ubatizo Cecilia, ku sukulu Cecelia, nde pofika mayeso a sitandade 8 kapena pokapangitsa chiphaso cha unzika ku NRB makolo ayamba kuthamanga uku ndi uku ngati ndi anthu atatu. Lembani pa pepala, bambo ake asunge m'chikwama, aliyense wolemba muzimuonetsa pepalalo osati kumuuza pakamwa.

Wa kwaya ku Katoto analemba:

Pepani ndabweranso, ndinawerenga mothamanga poyamba paja ndinali pa Sacramento, kabaza wa njinga uja. Mwati dzina lomwe munasunga mumtima ndi Sheila? Mayi inu kkkkkk. Sheila ndi Cecilia yemweyo. Anthu a ku Ireland anatenga Cecilia nkumutchula mwa chiyankhulo chawo kuti Síle, Angerezi polemba mmene amamvera nkukhala Sheila. Monga ife tinapangira Sesiliya kapena Siliya. A ku France amati Cécile. Ndiye kuti inu ndi apongozi anu mwakhala mukukokana chingwe chimodzi, inu kuyambira fomu 2.

NaPhiri wa ku Chibavi analemba:

Ayi ayi ayi a kwaya musandipange choncho, ndafufuza ndapeza ndi zoona, ndaseka mpaka ulusi kupweteka, apongozi akundifunsa kuti chatsitsa dzaye nchiyani ndalephera kuwafotokozera.

Mlongo mwa Ambuye analemba:

Olo museke ine maganizo anga sanasinthe, muzu ndi muzu. Koma mwana ndi wanu, mumupempherere basi, dzina lililonse lomwe mumupatse mulipereke m'manja mwa Ambuye.

Cecy wa pa Taifa analemba:

Mwini dzina ndafika, ndinaona mutuwu mtima unagunda kuti anthu andiyamba chani. Ine ndi wa 1991, ndinabadwa pa 22 Novembala penipeni nde masisitere a pa chipatala cha mishoni komwe ndinabadwira anangowauza mayi anga kuti mwanayu wabwera nalo yekha dzina. Ndisaname ndili mwana ndinkalida. Anzanga anali a Tadala a Pilirani a Wezi, ine dzina lofanana ndi ahedi, lofanana ndi mayi ogulitsa mandasi pa geti, ku sekondale anyamata ankangonditi Mama, Mama wadutsa, imirirani Mama akulowa. Ndinadzisintha kukhala Cecy mpaka pa makope. Za wakhungu ndinazimva ndili fomu 3 kwa mphunzitsi wa Baibulo amene anaziyankhula kutsogolo kwa kalasi yonse ngati nthabwala, ndinalira tsiku limenelo, ndikafika kunyumba mayi anga anangoti nde ukuona kapena sukuona? Pita ukatunge madzi.

Pano ndili ndi zaka zanga ndimalikonda. Ndimagulitsa nsalu, ndikamuuza kasitomala kuti mukafika mufunse Cecilia palibe kusokoneza, ndipo pali kaulemu kena kamene anthu amakupatsa pa foni asanakuone, amaganiza kuti akuyankhula ndi mayi wamkulu, pa bizinesi zimathandiza. Ku Kyela ndi ku Mbeya kokaoda katundu ma Sesilia aliko ambiri nawonso, nde ndikatchula dzina sachita kufunsa kawiri. Choipa chake chimodzi chokha, kulikonse komwe ndapemphera amandikokera ku kwaya poganiza kuti dzina ndi mawu zimayendera limodzi, chonsecho ine ndikaimba agalu a ku Mchengautuwa amayankha.

Maso anga ali bwinobwino, ndalama yachinyengo ndimaizindikira ili m'manja mwa mwini wake.

NaPhiri wa ku Chibavi analemba:

Ndabwera kudzakuuzani mmene zathera poti munandithandiza. Mchombo unagwa Lachiwiri, dzulo tamutulutsa. Ndinatsata nzeru ya a NyaGondwe, yewo chomene mulamu. Za wakhungu sindinatchule nkomwe, mmalo mwake ndinawafunsa apongozi kuti amama, agogo a Cecilia anali munthu wotani, ndimati ndingomva pang'ono. Abale tinakhala mpaka 11 koloko usiku. Akuti anali mzamba wa mudzi wonse nthawi imene chipatala chinali kutali, theka la anthu a kumeneko anagwera m'manja mwawo kuphatikizapo abambo a mwanayu, anabereka ana 9 nkulera ena anayi amasiye, fodya wa pamphuno samasiyana naye, ndipo akuti anali wolongolola koopsa moti amuna awo ankathawira ku dimba kkkk. Apongozi akufotokoza akulira akuseka, ine ndinangopezeka nanenso misozi ili mbwe. Zitatero kukana kunalibenso.

Mayi anga ku Dedza titawaimbira anati lawo ndi Tadala, abambo ake nawo mpira wawalowa akuti Temwa, nde pakadali pano mwana wa makilo atatu ali ndi maina atatu, Cecilia Tadala Temwa, ndipo aliyense akuitana lake. Apongozi akuti amama, akamamusambitsa amamuuza nkhani za anthu a ku Rumphi ngati akuwadziwa. Ine ndikakhala ndekha ndimamuti Sheila chapansipansi, si dzina lomwelo nanga.

Madamu pepala lija talemba, C-e-c-i-l-i-a, lili m'chikwama cha bambo ake. Koma ndifunseko, pa chiphaso cha kubadwa amalola maina onse atatu kuphatikiza la bambo kapena tichotsepo limodzi? Chifukwa ngati nkuchotsa nkhondo ina iyambika pakati pa Dedza ndi mpira, ndipo Lachisanu tikupita ku sikelo.